Kumene Mpini Unakagwera

Panali munthu wina amene pakamwa pake sipankatuluka mawu oti ayi. Anthu ankamuitana ndi chiwongo chake, Kwenda. Anali mlimi, ndipo m'chilimwe ankasema mipini ya makasu ndi ya nkhwangwa. Kwawo ankadziwika ndi kufatsa. Mnzake akabwereka kasemasema n'kubweza atabuntha, iye ankangoseka n'kukanola yekha. Amayi a m'mudzimo ankauza ana awo aamuna kuti akanakhala ngati Kwenda, bwenzi makolo akugona tulo.

Atakula anakwatira mkazi wa kutsidya kwa mtsinje, dzina lake Nangozo. Monga mwa mwambo, anasiya kwawo n'kukakhala chikamwini kwa mkazi wakeyo. Anamanga nyumba pamalo amene anamulozera. Analima munda umene anamulozera. Ngakhale nkhuku zimene anagula yekha, zikaswa anthu ankati ndi nkhuku za kwa Nangozo. Iye sanadandaule, pakuti bambo ake nawonso anakhala motero, ndipo kuyambira ali mwana ankamva akulu akunena kuti mkamwini asamakule mwendo.

Inu a masiku ano mumagwirana chanza ndi apongozi anu, ena mpaka kupisa nawo m'mbale imodzi. Kumeneko kunalibe zimenezo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana kumaso, sankakhala pamphasa imodzi, sankalankhulana. Akakumana panjira, mkamwini ankapatukira kutchire mpaka apongozi atadutsa. Umenewo unali ulemu, ndipo ine sindiunyoza. Koma anthu awiri okhala pabwalo limodzi, osalankhulana, amafunika wowanyamulira mawu. Pakhomo pamenepo wonyamula mawu anali Nangozo.

"Amayi akuti nkhuni zatha."

"Amayi akuti mbuzi zawo zalowa m'dimba la eni, mukazitulutse."

Nangozo anali ndi mlongo wake wamkulu, mwini mbumba, amene ankagawa minda ndi kuweruza za pabanjapo. Iyeyu mwambo sunkamuletsa kulankhula ndi mlamu wake. Koma anapeza njira ili yopondedwa kale, nayenso n'kumadzera momwemo.

"Achimwene akuti mawa mukawathandize kufolera."

"Achimwene akuti mango mwabzala aja muwazule, pamenepo padzamangidwa nyumba ya mwana wa achemwali."

Ndinene chilungamo, anthu amenewa sanali oipa. Apongozi anali mayi wamasiye, wa msana wovuta, wopanda wina womutuma. Mlamu anali munthu waphokoso, wokonda kuseka, wa mtundu uja woganiza kuti amene sakulira ndiye kuti sakumva kuwawa. Ndipo Kwenda sankalira. Mawu aliwonse akafika, ankati, "Chabwino, kawauzeni kuti ndamva." Mango aja anawazula ndi manja ake akumwetulira. Nangozo ankanyamula mawu kuchokera uko kubwera nawo kuno, koma obwerera nawo analibe, kupatula chabwino yemweyo. Mudzi wonse unkati mkazi ameneyu anachita mwayi, anapeza mwamuna wopanda mtima woipa.

Koma mkwiyo si mate, oti ukameza ndiye kuti atha. Umatsika, n'kukhala pansi, n'kumadikira. Zaka zinapita, ana awiri anabadwa, ndipo Kwenda anayamba kusintha m'tinthu timene mlendo sangaone. Akamasema, ankatema mwamphamvu yoposa imene mtengo unkafuna, mipini n'kumang'aluka. Mbuzi ikakwera pakhonde, mwala umene ankaiponyera unali woti ungaphe. Mawu a mkazi wake akangoyamba ndi "amayi akuti," nsagwada zake zinkauma mawuwo asanathe. Anafika poti akaona Nangozo akuchokera kunyumba kwa amayi ake, mtima unkayamba kuthamanga, ngakhale mkaziyo atangonyamula maungu.

Tsiku lina galu wa pakhomopo ananyambita mbale, ndipo Kwenda anamumenya theche limene linamusiya akutsimphina mpaka kufa kwake. Nangozo anaona. Anadikira kuti ana apite kosewera, kenako anakhala pansi pafupi ndi mwamuna wake.

"A Kwenda, mwendo umene wathyola galuyu, tsiku lina udzasowa galu," anatero. "Ine ndakula osamenyedwapo ndi bambo anga. Tsiku limene mudzandikhudze, ankhoswe adzakhala pansi, ndipo inu mudzawoloka mtsinje nokha. Ana ndi a kuno, mukudziwa."

Kwenda anadabwa zenizeni. Anati iye si munthu wotero, afunse aliyense kuno ngakhale kwawo. Sankanama. Ankakhulupirira zimene ankanenazo, chifukwa munthu amadzidziwa ndi mbiri imene anthu amamupatsa.

Kumapeto kwa minda kunali tsala lina lodzaza zitsa ndi miyala, limene aliyense ankalikana. Mlamu analipereka kwa Kwenda. Kwa zaka zingapo Kwenda anazula zitsa zija chimodzichimodzi. Anatuta miyala n'kuiunjika m'malire. Ananyamula manyowa a m'khola m'dengu, pamutu, anthu akumuseka kuti wasanduka mkazi. Dothi linafewa n'kuda, ndipo chimanga chinayamba kubereka ziwiriziwiri. Pa zinthu zonse za m'mudzi umenewo, munda uwu wokha ndi umene mumtima mwake ankautcha wake, ngakhale pakamwa sananenepo.

Linafika tsiku lina la mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, dzuwa likuswa mtengo. Kwenda analawirira kumunda osadya kanthu, kuti akokere mizere kusanatenthe. Ali mkati molima, anafika mlamu wake pamodzi ndi mkamwini watsopano, amene anali atangokwatira mwana wa achemwali uja. Mlamu anayenda m'malire akuloza ndi ndodo. Atamaliza anabwera pamene Kwenda anaima.

"Alamu, ana awa akungoyamba banja, alibe mphamvu zoswa mphanje," anatero. "Munda uno tiwapatse. Inu ndinu katswiri wa zitsa. Kuseri kwa chulu kuli tsala lina, mukalikonza ngati lino."

Anaseka, n'kumusisita paphewa. Kwenda nayenso anaseka. Anati, "Zikomo alamu, palibe vuto." Awiri aja atapita, anamaliza mzere umene anauyamba, chifukwa manja sankadziwa chochita china. Kenako anakoleka khasu paphewa n'kuuyamba wa kumudzi.

Panjira yopapatiza, pakati pa tchire louma, anaona apongozi akubwera ndi kamtolo ka nkhuni. Analumphira pambali osayang'ana polowa, n'kugwera m'chitedze. Musaseke. Amene chitedze chinamugwirapo saseka. Ubweya wake unalowa m'khosi, m'khwapa, kumsana, paliponse pamene panali thukuta. Ndipo apongozi, posadziwa kuti patchirepo pali munthu, anafika pomwepo n'kutula nkhuni kuti apumitse msana. Anakhala pansi, anakonza duku, anachotsa minga kuphazi. Kwenda anaima chilili, osakanda, osatsokomola, misozi ikutsika yokha, mpaka mayi uja anasenza n'kupitirira.

Anafika pakhomo thupi likuyaka, m'mimba mulibe kanthu, kukhosi kuli gwaa. Nangozo anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Za munda sankadziwa. Za chitedze sankadziwa. Anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Mwabwera? Amayi akuti denga la nkhokwe..."

Sanamalize. Pakhoma panali patatsamira mpini watsopano wa muwanga, umene Kwenda anausema dzulo lake. Anautola n'kuugwetsera pa mkazi wake. Nangozo anatchinga kumutu ndi mkono, ndipo mkonowo unalira ngati nthambi youma. Nyemba zinamwazika pabwalo, nkhuku n'kuthamangira kudzatola.

Kanali kamodzi kokha. Ndikunena zimenezi chifukwa pali ena amene amati kamodzi si kanthu. Fupa la Nangozo silinadikire kachiwiri.

Kwenda mwini wake ndiye anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala, akulira njira yonse kuposa wovulalayo. Anabwerako mkono uli m'chikhakha. Nangozo sanalowe m'nyumba mwake. Anatenga ana n'kupita kwa amayi ake, ndipo anatumiza mawu kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, monga ananenera.

Mudzi unagawanika pofuna chifukwa. Ena anati ndi magazi, pakuti agogo ake aamuna ankamveka kuti anali ndi mtima wapachala. Ena anati wina wamulodza chifukwa cha nsanje ya chimanga chija. Ena anafunafuna mowa, koma munthuyo sankalawa n'komwe. Amayi ena pachitsime anati ndi dzuwa ndi njala, mwezi umenewu ngakhale nkhuku zimajomphana popanda chifukwa. Kwenda akafunsidwa ankangoti, "Sindikudziwa chimene chinandigwira. Si ine amene uja." Yankho limeneli anthu analikonda, chifukwa linkasiya aliyense ali woyera, ngakhale womenyayo.

Nkhoswe ya Kwenda inali atsibweni ake, mlongo wa amayi ake. Anali mkulu wamfupi, wadazi, wokonda fodya wa pamphuno, ndiponso wosachedwa kuseka anthu. Anawoloka mtsinje kutatsala tsiku limodzi kuti mlandu ukambidwe. Anamupeza mphwawo atakhala pakhonde, ndevu zosameta, moto wosakoleza. Anamvetsera yankho lake lija mpaka kumapeto, kenako anayetsemula.

"Ngati si iwe, ndiye tikamufune amene anachitayo," anatero. "Sitingapite kumlandu opanda wolakwa. Dzuwa linakutulukira uli kuti tsiku limenelo? Tiye tikayambire kumeneko."

Anapita kumunda. Mizere inali momwe anaisiyira, ina yokokera, ina ayi. Atsibweni anakhala pamulu wa miyala n'kufunsa chimene chinachitika pamenepo. Kwenda anayamba kufotokoza mofatsa, monga mwa chizolowezi chake. Koma ali mkati, mawu anayamba kunjenjemera. Analoza pamene panali chitsa cha mtondo chimene anachikumba mpaka zikhatho zinasupuka. Analoza pamene anagwa ndi dengu la manyowa. Zinthu zimenezi anali asanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake.

"Ndiye unapsa mtima?" anafunsa atsibweni.

"Ndinkafuna kumutema."

"Khasu linali m'manja?"

"Linali m'manja."

"Nanga bwanji sunateme?"

"Ndi mwini mbumba, atsibweni. Akanandithamangitsa tsiku lomwelo. Komanso ndi wamphamvu kuposa ine."

"Ndiye kuti pano unali iwe ndithu, ndi nzeru zako zonse. Tiye kutsogolo."

Anafika panjira yopapatiza ija. Chitedze chinali chikulendewerabe patchire, ndipo atsibweni anachizungulira patali. Kwenda anafotokoza za nkhuni, za duku, ndi za munga wa kuphazi.

"Unatukwana?"

"Apongozi? Ndingayerekeze?"

"Unakanda?"

"Ayi. Akanandimva."

"Munthu woti chitedze chikumudya, n'kuima osakanda, ameneyo amadziwa kuugwira mtima kuposa ine. Ine bwenzi nditavula malaya pamaso pawo pomwepo. Apanso unali iwe. Tiye."

Anafika pakhomo. Mpini uja unali ukadali pansi pamene unagwera, chifukwa panalibe amene anafuna kuukhudza. Atsibweni anaima pambali pake, manja kumbuyo.

"Kumunda anakulanda, dzanja lako linagwirika. Panjira moto unakuyaka, dzanja lako linagwirika. Pano anakulakwira ndani?"

"Palibe."

"Nanga chimene chinagwira dzanja lako kuwiri kuja chinapita kuti utafika pano?"

Kwenda anayang'ana mpini, anayang'ana pakhonde pamene mkazi wake ankakhala. Nkhuku zinali zikupalasabe pamenepo kufuna nyemba zotsala. Pomaliza analankhula motsitsa, ngati munthu amene akudziuza yekha.

"Pano sindinkaopa. Ndinkadziwa kuti iyeyu sangandibwezere."

Atsibweni sanaseke. Anati, "Ameneyo ndiye tinkamufuna uja. Mawa ukabwere naye kumlandu. Koma kunena kapena kusanena ndi kwako, ine sindikakulankhulira."

Zimene anthu ankanena zija sizinali zabodza zonse. Njala inalipo. Dzuwa linalipo. Manyazi a zaka zambiri analipo, ndipo mwina ndi magazi a agogo omwe. Koma zonsezo anali nazo kumunda, anali nazo panjira, ndipo sizinamenye munthu. Zinadikira mpaka zitafika pamene panalibe chowopsa. Ine chimenechi chimandichititsa mantha kuposa ufiti, chifukwa chimakhala mwa anthu abwino.

M'mawa mwake anakhala pansi pakhonde la apongozi. Nkhoswe ya Nangozo inali mlongo wake yemwe uja, mwini mbumba. Apongozi anakhala chapakhomo, atatembenukira kukhoma monga mwa mwambo. Nangozo anakhala pafupi nawo, mkono wake woyera uli pamiyendo. Achibale ena anakhala pamphasa, ndipo Kwenda anakhala pansi pa dothi.

Mlamu anayamba ndi ukali. Anakalipa, analoza mkono wa mlongo wake, anatchula za polisi. Koma ukali wake utaphwa, anakumbukira kuti munthu amene akumukalipirayo ndi yemwe amafolera nyumba zonse za pamudzipo ndi kuzula zitsa zimene ena amazikana. Mawu ake anafewa.

"Komabe tonse tikumudziwa Kwenda," anatero. "Zaka zonsezi sanayankhepo munthu mwamwano. Ichi ndi chiwanda chinangomudutsa. Apepese, apereke mbuzi, tipemphere, nkhani ithe."

Anthu anagwedeza mitu. Khomo linali lotsegula, ndipo linali lalikulu. Kwenda akanangoti chabwino, monga mwa masiku onse, mbiri yake ikanatsala yoyera, ndipo mlamu akanamukonda kuposa kale. Anayang'ana atsibweni ake. Iwo anali otanganidwa ndi kabotolo kawo ka fodya.

"Ayi, alamu," anatero Kwenda.

Mawu ake ankanjenjemera, koma sanaleke.

"Sichinali chiwanda. Mpini uja unali wanu. Munandilanda munda umene ndinauzula zitsa ndi msana wanga, ine n'kukuthokozani, chifukwa ndinakuopani. Mango munandizulitsa aja anandiwawa. Zambiri zinandiwawa, ndipo sindinanene. Mkwiyo umenewo ndinaunyamula kuchokera kumunda, ndinadutsa nawo apongozi panjira, n'kudzautula pa munthu amene sanandilakwire kanthu. Ndinasankha iyeyu chifukwa ndi yekhayo amene sindinkamuopa. Ngati mundithamangitse, mundithamangitsire chimenecho."

Nkhope ya mlamu inada, ndipo anthu anaganiza kuti adzuka. Sanadzuke. Patapita kanthawi anafunsa, mawu ali otsika kuposa masiku onse, "Nanga bwanji simunanene, alamu?"

"Inu munamufunsapo?" anatero atsibweni, osadzutsa mutu.

Anakambirana mpaka dzuwa linakwera. Za munda anagwirizana kuti audule pakati, mbali ya manyowa ambiri itsale kwa Kwenda, ndipo tsala la kuseri kwa chulu akalizule mkamwini watsopano ndi msana wake. Mlamu anavomera mong'ung'udza, koma anavomera. Anthu anapuma. Ena anayamba kukutumula zitenje kuti adzuke.

"Munda mwaugawana," anatero Nangozo. "Mkono uwu mugawana bwanji?"

Odzuka aja anakhalanso pansi. Kuyambira m'mawa panalibe amene anamufunsa kanthu.

"Zaka zonsezi ndanyamula mawu a amayi ndi a achimwene ngati madzi a kuchitsime," anapitiriza. "Sindinadziwe kuti wowalandirayo akuona nkhope yanga pa mawu a eni. Kuyambira lero sindinyamulanso mawu a munthu. Achimwene, mlamu wanu ndi uyo, pakamwa muli napo. Amayi, ngati nkhokwe ikudontha, muwauze nokha."

Kenako anatembenukira kwa mwamuna wake.

"A Kwenda, mukanavomera za chiwanda, bwenzi lero mukuwoloka mtsinje. Chiwanda sindingagone nacho nyumba imodzi, chifukwa sindidziwa tsiku limene chidzabwerenso. Koma munthu wamantha amene wadziwa mantha ake, ameneyo ndingathe kumuyesa. Khalani. Kachiwiri kulibe."

Mwambo wa m'mudzimo unali ndi khomo lake. Pakapita zaka, ana atabadwa, apongozi ankatha kupereka nkhuku kwa mkamwini, manyazi n'kutha, awiriwo n'kumalankhulana. Pakhomo pamenepo anali asanachite zimenezi, chifukwa zinthu zinkaoneka ngati zikuyenda bwino. Apongozi anaitanitsa nkhuku, anaigwira ndi manja awo awiri, n'kutembenuka. Anayang'ana mkamwini wawo kumaso koyamba chimukwatirireni mwana wawo.

"Kani muli ndi imvi kale?" anatero.

Kwenda analandira nkhuku ija akulira.

Anakhala. Anaphunzira pang'onopang'ono kunena chikamuwawa, ngati mwana wophunzira kuyenda. Anakanganapo ndi mlamu wake kangapo, mokweza, pabwalo, ndipo kumwamba sikunagwe. Apongozi akamutuma ali wotopa, ankawauza kuti lero ayi, mawa, ndipo iwo ankangoti chabwino. Anabzalanso mango, ndipo panalibe amene anawazulitsa. Dzanja lake silinakhudzenso munthu, ngakhale galu. Mkono wa Nangozo unapola, wopindika pang'ono, koma wotha kusinja ndi kulima.

Chinatsala chinthu chimodzi. Kwenda akakweza dzanja mwadzidzidzi mkazi wake ali pafupi, kaya kufuna mpeni umene anasomeka kudenga, kaya kuingitsa ntchentche, kaya kumuchotsa kaudzu paduku, mkono uja unkathamangira kumutu Nangozo asanaganize n'komwe. Kenako ankautsitsa mwamanyazi, n'kuseka pang'ono, n'kunena kuti, "Pepani." Wopepesa anali iyeyo. Kwenda ankatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba.

Ankaganiza kuti zidzatha ndi nthawi. Ana anakula, anakwatira, anabereka. Awiriwo anakalamba pamodzi, mwamtendere, ndipo anthu ankawatchula ngati chitsanzo cha banja. Tsiku lina, onse ali ndi imvi mutu wonse, Kwenda anatambasula dzanja kuti atenge chipewa chake pamsomali. Mkono wa Nangozo unakwera. Mdzukulu wawo anaona n'kufunsa kuti, "Agogo, mukuopa chiyani?"

"Palibe, mwanawe," anayankha Nangozo. "Ndimangotero."

Kwenda anamva. Chipewa anachisiya pomwepo.

Tsono inu amene mwakhala apa, zokwiyitsa sizidzatha. Adzakunyozani akuluakulu kuntchito, adzakulandani amphamvu, mudzayenda ndi njala padzuwa. Kupsa mtima si mlandu. Koma dziwani kuti mkwiyo uli ndi maso. Umazemba amene angakubwezereni, n'kukafuna amene amakutsegulirani chitseko. Uperekeni kwa mwini wake ukadali waung'ono, ndi pakamwa, ngakhale mawu akunjenjemera. Ngati mwalephera, khalani pansi panjira musanafike kwanu, mudzifunse kuti mwanyamula chiyani, ndipo n'cha yani. Munda ankhoswe angathe kukubwezerani. Koma munthu amene ankakhala pafupi nanu osaopa, akayamba kutchinga kumutu, palibe nkhoswe imene ingakubwezereni ameneyo.